Chonde thandizeni: mawu akusemphana ndi milomo nditatumiza AAF kuchokera ku Premiere kupita ku Pro Tools

Membala wosatchula dzina:
Akuluakulu a m'gulu lino, ndabisa dzina chifukwa ena mwa eni ntchitoyi ali momwemuno. Ndikukonza kanema wa mphindi 40 wa bungwe lina lothandiza alimi a ulimi wamthirira, ndipo kudula ndi kulumikiza zithunzi ndinamaliza mu Premiere Pro kuno ku Lilongwe. Mawu ndinawatumiza kwa mkulu wina wa situdiyo ku Blantyre amene amagwiritsa ntchito Pro Tools, kuti awayeretse ndi kuwasakaniza ndi nyimbo. Ndinatulutsa AAF, fayilo yosamutsira mawu odulidwa kale kuchokera ku pulogalamu ina kupita ku ina, monga anandiuzira, koma atatsekula anapeza kuti koyambirira zonse zili bwino, pamene chakumapeto agogo amene tinacheza nawo kudimba akumveka akulankhula milomo itatseka kale. Mizere ina ya mawu yafika yopanda kanthu, ndipo maina a mamaikolofoni asowa.

Chikundipweteka n'chakuti bungweli linangondipatsa theka la ndalama, ndipo likuti zotsalazo lindipatsa kanema akaonetsedwa pamsonkhano Lachisanu. Fayilo yokhayo inandimalizira bandulo, magetsi anazima ili pakati, ndinayambiranso. Msuweni wanga amene anandithandiza kujambula anatenga hard drive yachiwiri kupita nayo kumaliro kumudzi, ndipo foni yake sikupezeka. Mkulu wa situdiyo akuti cholakwa chili kwa ine, koma ine kwanga kanema akusewera bwinobwino. Ndichitenji?

Resolve Yokha Basi:
Achimwene, matenda anu ndi amodzi, ndiwo kuyendayenda ndi ntchito pakati pa mapulogalamu awiri a makampani osiyana. Pulogalamu ya DaVinci Resolve ili ndi Fairlight, gawo lokonzera mawu, mkati mwake kuyambira 2017, kotero kuti mumadula zithunzi, kukonza mitundu ndi kusakaniza mawu m'nyumba imodzi popanda AAF iliyonse, ndipo ilipo yaulere. Ndakhala ndikunena zimenezi muno kwa nthawi yaitali koma anthu samva.

Mayi wa Mawu, Mzuzu:
Bambo, musanachite china chilichonse tiuzeni zinthu zitatu. Timeline yanu, pamene mwandandalika zithunzi ndi mawu mu Premiere, ikuyenda pa zithunzi zingati pa sekondi, session (ntchito yotsekulidwa mu Pro Tools) ya ku Blantyre ili pa zingati, ndipo pofika kumapeto mawu atsalira ndi masekondi angati? Mawu akasemphana mofanana kuyambira koyamba mpaka kumapeto, vuto limakhala la timecode (manambala osonyeza nthawi ya chithunzi chilichonse) yoyambira, ndipo limatha m'kanthawi kochepa. Koma akamatsalira pang'onopang'ono monga mukufotokozeramu, ndiye kuti penapake liwiro lasiyana.

Wakale pa Ntchito:
Nkhaniyi yandikumbutsa zimene zinandionekera pokonza kanema wa kwaya ina zaka zapitazo. Nthawi imeneyo tinkatumizirana OMF, mtundu wakale wa fayilo yonga AAF, ndipo palibe anandiuza kuti OMF siingapitirire 2 GB. Nyimbo zinali zambiri, fayilo inakana kutuluka, ndipo ndinachita kuigawa m'zidutswa usiku wonse pamene atsogoleri a kwaya anali atalengeza kale tsiku lokhazikitsa chimbale. Ndalama yanga yomaliza sindinaione mpaka lero. Mwana wanga, usadzapereke ntchito yomaliza usanalandire zako zonse, ndipo muzilemberana pepala musanayambe.

Resolve Yokha Basi:
Mwamva nokha kuti OMF inavutitsa anthu, AAF nayo ikuvutitsa anthu. Tidzaphunzira liti? Tulutsani ku Premiere XML, fayilo yolongosola mmene mwadulira kanema, itsekuleni mu Resolve, mumalize nokha mawuwo.

Mnyamata wa Pro Tools, Ndirande:
Akulu a Resolve, munthu watsala ndi masiku ochepa ndipo inu mukumuuza kuti aphunzire pulogalamu yatsopano, komanso kuti achotse ntchito m'manja mwa amene anagwirizana naye kale. XML imene mukuitamayo nayonso imasiya zinthu m'njira, makamaka pamene wasintha liwiro la chithunzi kapena waika zolembalemba. Kwa amene mwafunsa, za mizere yopanda kanthu ndikukayikira kuti muli ndi nested sequence (timeline yoikidwa mkati mwa inzake) kapena multicam (zithunzi za makamera angapo zomangidwa pamodzi) imene simunaimasule, pakuti AAF siitha kuona bwino zimene zili mkati mwa zimenezo. Za maina a mamaikolofoni, ngati munagwiritsa ntchito Merge Clips polumikiza mawu a rekoda ndi zithunzi, dziwani kuti njira imeneyo imataya zambiri zimene rekoda inalemba m'fayilo, ndipo ife a situdiyo timaidandaula kawirikawiri.

Mlonda wa Chilungamo:
Funso langa ndi limodzi, Premiere yanuyo ndi yolipira kapena ndi zija zoikitsa kumsika? Ambiri muno mumadandaula kuti mapulogalamu sakugwirizana pamene mukugwiritsa ntchito zakuba zakalekale, kenaka mumanyoza anzanu a situdiyo. Ndiponso si bwino kubweretsa nkhani ya msuweni wanu pagulu pamene munthuyo ali pamaliro.

Membala wosatchula dzina:
Zikomo nonse. Pulogalamu yanga ndi yolipira, ndipo ndalama yake ndimaivutikira mwezi ndi mwezi, choncho mawu amenewo andikhumudwitsa. Msuweni wanga sindikumunyoza, koma akanatha kundisiyira hard drive asananyamuke. Mayi a ku Mzuzu, mkulu wa situdiyo akuti kumapeto mawu atsalira ndi masekondi awiri ndi kanthu. Merge Clips ndinagwiritsadi ntchito chifukwa ndi mmene ndinaphunzirira. Kamera inali ya msuweni wangayo, ndipo zithunzi zina za kudimba anajambula ndi foni batire la kamera litatha.

Mayi wa Mawu, Mzuzu:
Bambo, funso loyamba simunayankhebe, koma nambala mwatchulayo ikulozera kwinakwake. Pakati pa zithunzi 24 pa sekondi ndi 23.976 pali kusiyana kwa gawo limodzi mwa magawo 1,000, komwe ndi masekondi 3.6 pa ola. Pa mphindi 40 zimenezo zimakwana masekondi 2.4, ndiye masekondi awiri ndi kanthu amene mukunenawo. Zikhoza kukhala kuti kanema amene munawatumizira kuti azionera akuyenda pa liwiro lina ndipo mawu ali pa lina, kapena kuti iwo polowetsa AAF anasiya pull-down, njira yochepetsa pang'ono liwiro la mawu, itatsekulidwa. Chikanakhala chisokonezo cha liwiro lojambulira mawu, 44.1 kHz ndi 48 kHz, mukanadziwa m'mphindi yoyamba, chifukwa kusiyanako kumaposa 8 peresenti ndipo agogowo akanamveka ndi liwu losakhala lawo. Chikanakhala cha 24 ndi 25, pofika kumapeto mukanasemphana ndi mphindi yathunthu ndi theka.

Za foni nazonso musazipeputse. Mafoni ambiri sajambula pa liwiro lokhazikika, amasintha chiwerengero cha zithunzi pa sekondi malinga ndi kuwala, ndipo Premiere imatha kubisa vutoli pamene pulogalamu ina imaliulula. Tsekulani mafayilowo mu MediaInfo, ndi yaulere, ndipo ikalemba kuti frame rate ndi variable, asandutseni a liwiro lokhazikika pogwiritsa ntchito HandBrake musanatulutsenso kalikonse.

Resolve Yokha Basi:
Masamu onsewa mayi akuwerengera chifukwa chokana chinthu chapafupi. Ine chiyambireni kugwira ntchito yonse mu Resolve sindinawerengepo masekondi a munthu. Ndipo kuno kwathu, kumene wailesi za kanema zimayendera 25, munthu amajambuliranji pa 23.976? Ndi kutengera za ku America basi, kumene magetsi awo ndi a 60 Hz pamene athu ndi a 50. Achinyamata mumaonera YouTube n'kumakopera zonse osafunsa.

Mnyamata wa Pro Tools, Ndirande:
Pa za 25 ndikugwirizana nanu, akulu, koma pa zinazo ayi. Resolve yomweyo ili ndi malo otulutsira AAF ya Pro Tools, kusonyeza kuti eni ake akudziwa kuti ntchito zambiri zimakathera kwa anthu a mawu. Fayilo ya foni yosakhazikika ikhoza kukusautsani ngakhale mu Resolve.

Wakale pa Ntchito:
Ife kale tinkaika kaphokoso ka 1 kHz kotalika chithunzi chimodzi, masekondi awiri kanema asanayambe, ndi kena kumapeto. Wa situdiyo akaona kuti koyambako kagwera pamalo pake koma komalizako kaphonya, ankadziwa yekha kuti liwiro lasiyana, popanda kukangana pafoni. Ana a masiku ano zimenezi munazitaya.

Resolve Yokha Basi:
Kaphokoso kameneko n'kosafunika ngati ntchito siikutuluka m'pulogalamu. Ndabwereza kokwanira, amene ali ndi makutu wamva.

Membala wosatchula dzina:
Ndawerenga zonse ndipo mutu wazungulira. A bungwe andiimbiranso kufunsa ngati angaone kanema mawa, ndipo mkulu wa situdiyo akuti akabwerezanso ntchito ndimuonjezere ndalama, zimene sitinapangane. Kodi sindingangotenga mawu amene wasakaniza kalewo, n'kumawadula ndi kuwakankhira kutsogolo pang'onopang'ono mpaka agwirizane ndi milomo?

Mayi wa Mawu, Mzuzu:
Musatero, bambo, chifukwa mudula nyimbo ndi phokoso la madzi a m'ngalande limene lili pansi pa mawuwo, ndipo paliponse mwadula padzamveka. Ngati vuto ndi la gawo limodzi mwa 1,000 lija, fayilo yonse imawongoledwa kamodzi kokha, kapena amangopatsidwa kanema wolondola, ndipo ntchito yawo siiwonongeka. Mizere yopanda kanthu ija ndiyo ifunika AAF yatsopano. Pangani kope la timeline, masulani nested sequence zonse, sankhani 48 kHz, gawani mawu akhale mono (njira imodzi ya mawu pa mzere uliwonse), ndipo siyani handles (mawu otsala koyambirira ndi kumapeto kwa chidutswa chilichonse) za masekondi angapo kuti iwo akhale ndi pogwira. Muwatumizirenso mafayilo enieni a rekoda, pamodzi ndi kanema wa mtundu wa fayilo wa ProRes kapena DNxHD woonetsa timecode pachithunzi. Koma choyamba tsekulani Sequence Settings, muwerenge nambala ili pa Timebase, muilembe pano, ndipo mufunse a ku Blantyre nambala ili mu Session Setup yawo.