Kodi ndigulitse ng'ombe zonse kuti mwana akaphunzire kuyendetsa helikopita?

Wofunsa (Ngabu, Chikwawa):
Akuluakulu a pa gulu lino, ndikupempha nzeru kwa amene amadziwa za maphunziro oyendetsa ndege. Mwana wanga wamkazi anakhoza bwino MSCE, makamaka masamu ndi sayansi, ndipo chiyambire pamene anaona mahelikopita akunyamula anthu ndi chakudya kutsidya kwa Shire pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023, sakambanso za ntchito ina iliyonse. Talembera sukulu ziwiri za ku South Africa ndipo zonse zatitumizira makotesheni, koma mitengo yake yasiyana kwambiri ngakhale kuti chiphaso chimene akulonjeza ndi chimodzimodzi. Sukulu yotsika mtengoyo yanenanso kuti itichotsera ndalama zina tikalipira zonse pakamodzi.

Ine sindili pa ntchito yolembedwa. Chuma changa ndi khola la ng'ombe, munda wa thonje ndi chigayo chimodzi. Abale ena akundiuza kuti ndigulitse ng'ombe zonse tsopano, ndilipiretu, nkhani ithe. Kodi nzeru imeneyi ndi yabwino? Nanga ndi zinthu ziti zimene sizilembedwa pa kotesheni koma munthu amazilipira ndithu?

Membala wokhala ku Midrand:
Bambo, musanagulitse ngakhale thole limodzi, mwanayo akayezedwe kaye ndi dokotala wovomerezeka wa za maulendo a pandege, ndipo apemphe chiphaso cha zaumoyo cha Class 1. Cha Class 2 chimakwanira munthu wouluka mongodzisangalatsa, koma wofuna kulembedwa ntchito amafunika Class 1. Amayeza maso, makutu, mtima ndi zina, ndipo vuto ngati losasiyanitsa bwino mitundu ya zinthu likhoza kutseka njira yonse. Ndalama ya kuyezetsako ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene zikubwera kutsogolo.

Za kusiyana kwa makotesheni, yang'anani chiwerengero cha maola. Kuno ku South Africa chiphaso choyamba, PPL, chimafuna maola osachepera 50, ndipo chogwirira ntchito, CPL, chimafuna maola 200 onse pamodzi. Sukulu zambiri zimawerengera pa maola ochepetsetsa amene lamulo limalola, pamene ophunzira ambiri amapitirira maola 50 asanakonzeke kuyesedwa, chifukwa kungophunzira kuimitsa helikopita malo amodzi m'mwamba, manja onse awiri ndi mapazi onse awiri zikugwira ntchito nthawi imodzi, kumadya maola ambiri. Tiyerekeze kuti ola limodzi ndi R5,000, ngakhale kuti mtengo weniweni mudzaupeza kusukuluko: maola 200 akhala R1 miliyoni, ndipo maola 15 okha owonjezera akhala R75,000 ina imene simunaiyembekezere.

Afunseni molemba mafunso awa. Kodi mtengo wa ola ukuphatikiza mafuta, mphunzitsi ndi msonkho wa VAT? Kodi akuwerengera helikopita iti? Robinson R22 ya mipando iwiri ndi yotsika mtengo kuposa R44 ya mipando inayi, ndipo kotesheni ina imaoneka yokwera chabe chifukwa yaikamo maola a R44.

Mayi wina (Nchalo):
Ine ndiyankha mbali ya ng'ombeyo, chifukwa ya ndege sindikuidziwa. Achimwene, sukuluyo mudzailipira mu rand, pamene ng'ombe mudzagulitsa mu kwacha. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Munthu amene anali atagulitsa khola lake n'kusunga ndalamazo kubanki podikira kulipira fizi yakunja anadzuka m'mawa ndalama zake zitachepa mphamvu, pamene amene anasunga ng'ombe anangokweza mtengo wake. Komanso ng'ombe yaikazi imabereka, pamene ndalama yodikira pamzere wa ndalama zakunja kubanki siibereka kanthu. Muzigulitsa pang'onopang'ono molingana ndi gawo la maphunziro limene mwana wafika, ndipo muyambe ndi nkhunzi ndi ng'ombe zofula, zazikazi zikhale zomalizira.

Membala wina (Bangula):
Mayi a ku Nchalo anena zoona, koma ng'ombe nazonso zili ndi tsoka lake kuno kwathu. Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka, boma limatseka misika ndi kuletsa kusamutsa ziweto, ndipo mukhoza kupezeka muli ndi khola lodzaza koma mulibe kogulitsa pamene sukulu ikudikira ndalama. Madzi osefukira nawonso satha kupanganika. Choncho gawo lotsatira la fizi lizikhala litakonzeka kale, osati kumayamba kusaka wogula mwana ataima kale kuuluka.

Membala wokhala ku Midrand:
Mfundo ya a ku Bangula ndi yofunika kuposa mmene ikumvekera. Wophunzira akakhala mwezi kapena iwiri osauluka, manja amaiwala, ndipo akabwerera amalipira maola ena pongobwereza zimene anali atadziwa kale, uku lendi ndi chakudya zikupitirira kudya ndalama. Kuphunzira modukizadukiza ndiye kokwera mtengo kwambiri. Ndi bwino kuchedwa kuyamba, koma kuyamba muli ndi ndalama zokwanira PPL yonse ndi zina zapadera.

Koma zolipiratu zonse pakamodzi, ine ndikukana. Sukulu za ndege ndi mabizinesi ngati ena onse, ndipo ina ikatseka zitseko, ndalama zolipiratu sizibwera msanga, mwinanso sizibwera konse. Ikani ndalama za maola 10 kapena 20 pa akaunti ya mwana kusukuluko, zikatsala pang'ono muonjezere. Muonetsetsenso kuti sukuluyo ndi yovomerezeka ndi SACAA, bungwe loyang'anira za ndege kuno.

Zosalembedwa pa kotesheni ndi zambiri: visa ya maphunziro, imene imafuna kuti mwana akhale pa medical aid ya kuno; nyumba ndi mayendedwe kwa chaka kapena kupitirira; mabuku ndi headset, chovala kumakutu chomvera ndi kulankhulira mu ndege; mayeso olemba a zanyengo, malamulo a ndege, kayendedwe ka pa mapu ndi ena, amene amalipiridwanso munthu akalephera; chiphaso cholankhulira pa wailesi ndi mayeso a Chingerezi; komanso malipiro a woyesa pa tsiku la mayeso ouluka, pamene helikopitayo mukuilipiranso panokha.

Mphunzitsi wopuma ntchito (Nsanje):
Palibe amene wafunsa kuti mwanayo akamaliza adzagwira kuti ntchito. Mahelikopita m'dziko muno ndi owerengeka. Amene tinawaona pa ntchito yosamutsa njovu 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017 ankauluka pafupi kwambiri ndi mitengo, ndipo ntchito yotere sapatsa munthu wa maola 200. Ambiri amayamba ndi kuphunzitsa anzawo kuti achulukitse maola, ndipo chiphaso cha uphunzitsicho chili ndi mtengo wakewake, monganso maphunziro a helikopita za injini ya turbine. Akafuna kudzagwira ntchito kuno kumudzi, chiphaso chakunjacho chiyenera kuvomerezedwanso ndi akuluakulu a za ndege a dziko lino. Bwanji osayang'ananso njira ya usilikali? Malawi Defence Force ili ndi nthambi ya ndege, ngakhale kuti kulowa usilikali sikutanthauza kuti munthu asankhidwa kukauluka. Ndipo ana ena pakhomopo asaiwalike pa kawerengedwe kanu, pakuti kholalo ndi lawonso.

Wofunsa (Ngabu, Chikwawa):
Zikomo kwambiri nonse. Zolipiratu zonse ndazisiya, ndipo ng'ombe sindigulitsa mpaka mwana atayezedwa. Usiku uno tilemberanso sukulu zonse ziwiri kuti zitipatse mtengo wa ola limodzi pa R22 ndi pa R44 payokhapayokha, ndi kutiuza ngati mafuta, mphunzitsi ndi VAT zili momwemo. Aphunzitsi a ku Nsanje, mawu anu okhudza azing'ono ake ndawamva, ndipo ndikambirana ndi amayi awo tisanapite patsogolo. Achimwene a ku Midrand, chonde ndithandizeninso apa: kodi kuyezetsa kwa Class 1 kochitikira ku Malawi kuno SACAA imakulandira, kapena tiyenera kuikiratu pa bajeti ulendo wa basi wopita ku Johannesburg kukayezetsa kokha?