Gulu lothandizana pa nkhawa ndi matenda a maganizo: tiyambe bwanji?

Wofunsa: Abale, tikufuna kuyambitsa gulu la anthu amene akuvutika ndi nkhawa komanso kukhumudwa. Tikhale angati, nanga tizichita chiyani kuti lisathere panjira?

Mlangizi: Mukhale pakati pa 6 ndi 10. Mukachuluka, amanyazi amangokhala duu mpaka kusiya kubwera. Muzikumana kamodzi pa sabata, tsiku lomwelomwelo, kwa ola limodzi ndi theka. Lamulo loyamba ndi chinsinsi: zakambidwa m'gulu zithere momwemo. Magulu ambiri amaphedwa ndi miseche, ena ndi munthu mmodzi amene amalankhula yekha, ndiye pakhale wosunga nthawi, aliyense mphindi 5. Wofotokoza asankhe vuto limodzi, gulu litchule njira zingapo, iye atengepo imodzi yoti akayese sabata imeneyo.

Namwino: Ndiwonjezereko, gulu si chipatala. Musauzane kusiya kapena kugawana mankhwala. Mankhwala a matenda okhumudwa amatenga masabata 2 mpaka 4 kuti munthu ayambe kumva kusintha, ndipo kuwasiya mwadzidzidzi kumabweretsa chizungulire, kusowa tulo, ngakhale kubwerera kwa matenda. Amene wakhala wosasangalala ndi chilichonse kwa masabata awiri akaonane ndi dokotala. Wina akanena zodzipha, mufunseni mosabisa. Kufunsa sikumupatsa maganizowo ayi. Musamusiye yekha, chotsani zingwe, mankhwala ndi poizoni, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Mtsogoleri wa gulu: Potseka, pumani pamodzi: kokani mpweya masekondi 4, tulutsani masekondi 6, kwa mphindi zitatu. Utsogoleri muzisinthana, mmodzi yekha amatopa msanga.