Ndinawachotsa gogo pa benchi yakutsogolo, lero ndi amene andibweretsera ufa. Nditani?

Admin, chonde bisani dzina langa. Abale ndi alongo mwa Ambuye, nkhaniyi yandisowetsa tulo ndipo ndikufuna malangizo anu.

Ndine bambo wa zaka 44, wa ana atatu, ndimakhala ku Lilongwe. Kwa zaka zambiri ndinkagulitsa zipangizo za galimoto. Ndinkakwera basi kudzera pa Songwe mpaka ku Dar es Salaam, kukaoda katundu, kubwera kudzagulitsa mu shopu yanga, ndipo zinkayenda. Kutchalitchi kwathu, sinditchula mpingo wake, anandisankha kukhala wapampando wa komiti ya chitukuko. Pa Pepa Sande maikolofoni ndinkagwira ndine: "A uje apereka K200,000, tiwaombere m'manja!" Opereka K500 ndinkangowaphatikiza kumapeto, "ena nonse Mulungu akudalitseni," osatchula ndi dzina lomwe.

Lamulungu lina mu 2022 tinaitana mlendo wolemekezeka amene tinkayembekezera kuti atigulira malata a denga. Pa benchi yakutsogolo panali gogo wina wamasiye wogulitsa nkhwani ndi tomato pamsika. Ankakhala pamenepo sabata iliyonse chifukwa makutu awo samva bwino. Ndinapita kukawauza kuti asunthe, ndipo poti samva, ndinachita kukweza mawu mpaka mizere itatu inatembenuka. Gogo sanayankhe. Anatola buku lawo la nyimbo lokulungidwa mu jumbo, nakakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko. Kuyambira tsiku limenelo sanabwererenso kutsogolo, ine osaganizako n'komwe.

Mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700, komanso ku banki yosapezeka. Ine ndinali ndi ngongole, ina ya katapila. Shopu ndinatseka, galimoto ndinagulitsa, tinasamukira m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri. Pano ndimayendetsa kabaza wa njinga yamoto, njinga yake ya munthu wina, madzulo ndimakapereka ya bwana kaye ndisanaganize za ndiwo. Chisankho cha komiti chitabwera palibe anatchula dzina langa. Amene ankandithamangira kudzandilandira pa geti pano amandipatsa moni wa kutali. Sindikuwaimba mlandu, chifukwa muyezo umenewu ndinathandiza kuwuika ndine. Patha miyezi itatu ndisakupita kutchalitchi, ndimanamizira ntchito.

Mwezi watha ndikufika madzulo ndinapeza gogo aja atakhala pa mphasa pakhonde ndi mayi akunyumba, pambali pali beseni la ufa wa mgaiwa ndi mpukutu wa nkhwani. Anabwera wapansi, beseni pamutu. Anangoti, "Mwana wanga, sitikukuonani ku mapemphero. Malo anu alipo." Ndinalowa kuchipinda, ndinalira ngati mwana. Nsima ya ufa umenewo ana anadya mosangalala, ine imakana kutsika pakhosi.

Ndiye mwana wanga wamkazi wa Sitandade 6 anandifunsa tsiku lina, "Adadi, kodi Mulungu amakonda kwambiri anthu opereka zambiri?" Ndinamuyankha kuti ayi, koma mtima wanga unanditsutsa, poti mwanayu wakula akundimva ine pa maikolofoni.

Mavesi ndimawadziwa. Genesis 1:27 imati munthu analengedwa m'chifanizo cha Mulungu, ndipo siitchula za m'thumba mwake. Yakobo mutu 2 amakamba za munthu wa mphete yagolide amene amapatsidwa malo abwino pamene wosauka akuuzidwa kuti aimirire uko, ndipo ndime imeneyi ndinaiwerengapo ndekha paguwa osadziona momwemo. Pa Marko 12 Yesu anayamikira mayi wamasiye wa tindalama tiwiri. Zonsezi zili m'mutu, koma mumtima ndimadziona wopanda pake. Ndikakumana ndi mnzanga wakale pamsewu ndimatsitsa galasi la chipewa kuti asandizindikire.

Kodi ndipite kwa gogo ndikapepese, kapena ndingokumbutsa chilonda chimene chinapola kale? Nanga nkhani yowerenga mayina ndi ndalama ija ndingaikambe kwa akulu a mpingo, kapena anena kuti ndikulankhula chifukwa ndasauka? Ndipo inu amene munagwapo chonchi, munayambira pati kuti mudzionenso ngati munthu?

Ndemanga

Mayi wa ku Zomba: Bambo, pitani mawa lomwe, musadikire kuti zinthu ziyambe kuyendanso. Mateyu 5:23-24 akuti ukakumbukira kuti mbale wako ali nawe chifukwa, siya mphatso yako pa guwa ukayanjane naye kaye. Ine ndine wamasiye, ndikudziwa. Sitiiwala, timangokhala chete. Musakapite ndi shuga kapena chitenje ngati mukukalipira ufa uja, mukawanyoza kachiwiri. Pitani chimanjamanja, mukakhale pansi, mukanene zimene munachita mozitchula.

Mkulu wa mpingo wa ku Mzuzu: Achimwene, pa za mayina tisafulumire kunena kuti zonse n'zoipa. Pa Machitidwe 4 Barnaba anagulitsa munda, ndalama anapereka poyera ndipo dzina lake linalembedwa. Koma mutu wotsatira womwewo Hananiya ndi Safira anasunga gawo la ndalama nanamizira kuti apereka zonse. Pamene pali kuombera m'manja, chiyeso chofuna kuoneka chimakhala pafupi. Kwathu tinasiya kutchula ziwerengero, munthu amaika mu envelopu, msungichuma amalemba m'buku, timalengeza zonse pamodzi. Ena anadandaula poyamba koma tchalitchi tinamanga. Mukakamba ndi akulu, muyambe ndi kulakwa kwanu osati kwawo, akumverani.

Mnyamata wa kabaza ku Limbe: Akulu, pamene pandipweteka ine ndi pa galasi la chipewa paja. Ndiye kuti ife a kabaza ndife ochititsa manyazi? Ine ndi njinga yomweyi ndikulipirira mchemwali wanga fizi ku sekondale. Yesu amene ankatchedwa mmisiri wa matabwa. Kwezani galasilo, mnzanu wakaleyo mumufunse ngati akufuna kukwera.

Mayi wa ku Johannesburg: Mwana wanu uja mumuuze zoona, kuti adadi analakwitsa. Muwerenge naye 1 Samueli 16:7, pamene Samueli anakopeka ndi msinkhu wa Eliyabu koma Mulungu anati Iye amayang'ana mumtima. Ndipo mukamapita kwa gogo mumutenge.

Mwini nkhani, kudzera kwa Admin: Zikomo nonse, ndawerenga ndemanga iliyonse. Achimwene a ku Limbe, mwandigwira penipeni, pepani. Sindinaone kuti ndikudzinyoza ndi muyezo womwe uja ndinanyozera gogo, komanso kuti ndikunyoza inu. Ndakambirana ndi mayi akunyumba, Loweruka masana gogo akaweruka kumsika tipita ndi mwana uja. Funso limodzi latsala: Lamulungu ndikufuna ndikawatenge pa njinga kupita kutchalitchi. Kodi ndiwaperekeze ndekha ku benchi yakutsogolo ija anthu akuona, kapena zimenezo zikhalanso zodzionetsera, ndingowafunsa kumene iwo akufuna kukhala?