Ku Madagascar mu 1947, anagona m'nkhalango ndi mikondo anali ndani?

Mphunzitsi wa ku Santhe:
Abale anga, ndithandizeni. Malemu agogo anga aamuna anali msilikali wa KAR (King's African Rifles), ndipo mu 1942 anatsagana ndi Angelezi ku Madagascar kukathamangitsa Afalansa a boma la Vichy, lomwe linkagwirizana ndi Ajeremani pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Chimene ankakonda kutiuza n'chakuti anthu akumeneko mpunga ndi m'mawa, masana ndi usiku womwe. Ndiye ndakhala ndikuwerenga za chilumbachi. Usiku wa pa 29 Malichi 1947 anthu anaukira Afalansa ku Moramanga ndi ku Manakara. Koma kulikonse ndikungokumana ndi mayina atatu: Joseph Raseta, Joseph Ravoahangy ndi Jacques Rabemananjara, aphungu a chipani cha MDRM, chomwe chinkafuna kuti Madagascar ikhale pa ufulu wodzilamulira. Komatu chipani chawocho chinatumiza telegalamu youza anthu kuti akhazike mitima pansi. Nanga amene anamenyadi nkhondoyo kutchire anali ndani? Ndikufuna ana anga a Folomu 3 amve mayina amenewo.

Nachisale wa ku Mtunthama:
Aphunzitsi, lembani awa pabolodi. Victorien Razafindrabe ankatsogolera chakumpoto, Michel Radaoroson chakumwera, onse m'nkhalango za kum'mawa kwa chilumbachi. Anthu awo ambiri anali alimi wamba, mfuti zochepa, mikondo ndi zikwanje basi. Radaoroson anaphedwa mu 1948. Razafindrabe anagwidwa chaka chomwecho n'kufera m'manja mwa Afalansa. Koma amene amandikhudza kwambiri ine ndi Samuel Rakotondrabe, mmodzi wa atsogoleri a oukirawo. Afalansa anamuwombera mu Julayi 1948, kutangotsala masiku ochepa kuti mlandu wa aphungu aja uyambe ku Antananarivo. Munthu amene akanaima m'khoti n'kunena chimene chinachitika, anamutseka pakamwa ndi chipolopolo. Ineyo sindikhulupirira kuti zinangochitika mwangozi.

Mlimi wa fodya, Chamama:
Pepani aphunzitsi, apa ndikutsutsani pang'ono. Aphungu aja musawapeputse chifukwa choti anali ophunzira ovala mataye. Raseta ndi Ravoahangy anaweruzidwa kuti aphedwe, kungoti chilangocho chinadzasinthidwa. Ravoahangy anali atalawa kale ndende pa mlandu wa VVS, kagulu kachinsinsi kamene kanayamba mu 1913.

Oiwalika enieni ndi aja anatsekeredwa m'mabogi a sitima ku Moramanga mu Meyi 1947, asilikali n'kuwombera mabogiwo anthu ali momwemo. Anafa oposa 100. Amenewo ndiye mungatchule dzina la mmodzi yekha? Ngakhale chiwerengero cha onse ofa pa nkhondoyi chimakanganiridwa mpaka lero: akuluakulu a asilikali a Afalansa anayamba atchula 89,000, kenako boma lawo linadzatsitsa kufika cha m'ma 11,000.

Mwana wa ku Nkhamenya:
Amayi Nachisale, zikomo, mayinawo ndawalemba. Koma aphunzitsi, musanawolotse anawo nyanja, tawafunsani kaye za kwathu konkuno. John Chilembwe amamudziwa chifukwa ali pandalama ndipo pa 15 Januwale sapita kusukulu. Afunseni za John Gray Kufa, Duncan Njilima kapena David Kaduya, amene anali naye mu 1915. Muona kalasi yonse ili zii. Kuno ku Kasungu ndiye kaya, mbiri yonse timaiyambira pa Kamuzu n'kuithera pa Kamuzu yemweyo.

Mphunzitsi wa ku Santhe:
Bambo a ku Chamama, za aphunguzo ndamva, koma telegalamu ija ndiwauzabe anawo, adziweruzire okha. Za mabogi ndikayamba nazo Lolemba. Alipo amene angandiuze katchulidwe ka Razafindrabe? Ana a ku Santhe sachedwa kuseka mphunzitsi lilime likakodwa.