Chuku chabweranso ku mkombaphala, tipentenso kapena titani?

Wapampando: Mwaswera bwanji abale nonse a kwathu. Pepani ndabwera ndi nkhani yosakoma. Alezi anditumizira zithunzi za nyumba yathu ya mkombaphala ija, chuku chabwereranso, khoma lakumbuyo lada bii ngati pamaphikidwa. Pajatu tinapenta chaka chathachi ndipo kanali kachiwiri. Mthumba muli kangachepe kotsala, nde ine ndimaganiza tigule penti wa oilo wonyezimira uja tipake kamodzinkamodzi zithe. Tiyeni tikambirane

Malume a ku Joni: Penti ayi a Chair. Vuto ndi denga limenelo ndinanena kalekale ine, malata amene munagula aja ndi opyapyala ngati pepala la fodya. Chotsani muike ena, ine ndithandizapo ma rand pang'ono mwezi ukatha

Msungichuma: Malume malata a nyumba yonse ndi ndalama zimene tili nazozi? kkkk mwina mutumize ma rand ambiri ndithu osati pang'ono

Alezi: Zikomo makolo. Ine ndimakhala momwemo tsiku ndi tsiku nde ndinene zomwe ndimaona. Mmawa tikatsekula chitseko fungo lake ngati mthumba la chimanga chovunda, ana ena akungotsokomola makamaka awiri a mphumu aja mpaka mayi awo anawaletsa kubwera sabata yatha. Ndinapukuta ndi Jik kawiri, kumayera masiku ochepa kenako timadontho takuda tija tayambanso. Koma kudontha kwa mvula ayi sindinaoneko, olo February muja mvula inkagwa usiku ndi usana pansi panali pouma

Aphunzitsi opuma: Funso langa ndi limodzi kwa amalume. Mvula inasiya April, lero tili mu July. Ngati ndi denga lodontha, likudontha chiyani miyezi itatu yopanda mvulayi?

Malume a ku Joni: Aphunzitsi musandifunse ngati ndili mkalasi mwanu kkkk

Wa kabaza: Anthu kuno akuti malo aja ndi oipa, pamene paja kale panali chitsime cha agogo ena ake

Mmisiri wa ku Blantyre: Mwaswera makolo, ndinali pa sayiti nde ndawerenga mochedwa. Achimwene a kabaza musaseke nazo zimenezo, ngati panalidi chitsime ndiye kuti madzi ali pafupi pansi pamenepo, si za mizimu. Koma ndiyambe ndi penti. A Chair chonde penti wa oilo musagule. Chuku si dothi loti mukapukuta latha, ndi kanthu kamoyo ngati bowa, mbewu zake zili mu mpweya paliponse olo mnyumba mwanu ku Lilongwe zilimo, zimangodikira ponyowa. Pakanyowa masiku awiri okha chayamba kumera. Nde mukapaka oilo pa khoma lonyowa mwatsekera madzi mkati, penti amatupa matuza nkusupuka ndipo pulasitala amafumbutuka ngati ufa. Tiyambe tadziwa madziwo akuchokera kuti. Ndayang'anitsitsa zithunzizo ndipo ine ndikuona matenda awiri osiyana. Chithunzi choyamba chakuda chili mmwamba mmakona pafupi ndi siling'i komanso kuseri kwa kabati. Chachiwiri ndi mmunsi mwa khoma lakumbuyo, kuyambira pansi kulekeza cha mmaondo, ndipo pali mzere wokhotakhota ngati pamene madzi amalekeza mu ndowa. Alezi tandiuzeni, mmunsimo muli zoyera ngati mchere?

Alezi: Eya zilipo achimwene, zoyera mbuu ukakhudza zimayoyoka, ana amakonda kukanda ndi zala

Mmisiri wa ku Blantyre: Basi zoyerazo si chuku, ndi mchere wa mnthaka ndi mu njerwa. Madzi akamakwera khoma kuchokera pansi, ngati mmene palafini amakwerera chingwe cha koloboyi, amanyamula mchere, akauma mcherewo umatsala pamwamba. Madzi otere nthawi zambiri sapitirira mita imodzi, ndichifukwa chake mzerewo walekeza mmunsi. Denga silingabweretse zimenezo malume, la denga limasiya banga lofiirira pa siling'i pamalo amodzi kapena mzere wotsika kuchokera mmwamba

Azakhali anamwino: Ndiikepo mawu pa za ana. Chuku ndi chinyezi zimadzutsa mphumu, chimfine chosatha, maso kuyabwa. Mayi analetsa ana aja sanalakwitse. Komanso alezi Jik musamasakanize ndi mankhwala ena otsukira, mpweya wake ndi woopsa, ndipo mukamapukuta ana asakhalemo, mawindo pululu, pakamwa ndi mphuno mumange

Msungichuma: Nde ndi kontirakitala uja ameneyo. Sanaike pulasitiki wakuda uja pa fawundeshoni, anatidyera basi. Ndinkanena ine kuti ntchito yopatsana pachibale mapeto ake ndi awa

Wapampando: A Treasurer tiyeni tisamaloze zala, munthuyo abale ake ali pa gulupu pompano

Aphunzitsi opuma: Pulasitiki wotchinga madziyo, amene amati DPC, anaika, ndinaliko tsiku limenelo ndipo ndine ndinagwira mbali ina ya pepalalo akuyala. Zina tingamunene koma iyi ayi

Malume a ku Joni: Kapena ndi njerwa zootcha zija, sinanga boma linaletsa njerwa zimenezi pa zomanga zake mu 2018

Mmisiri wa ku Blantyre: Analetsa chifukwa cha mitengo imene imatha pootcha maovuni malume, osati chinyezi. Mabuloko a simenti nawonso amamwa madzi mukawakwirira mdothi lonyowa. Nde ngati DPC ilipo monga aphunzitsi anenera, pali chinthu chikuilumpha. Lamulo lake pepala lija lizikhala masentimita 15 pamwamba pa nthaka yakunja, mizere iwiri ya njerwa. Nyumba ija tinaimanga potsetsereka, tinachita kusema phiri kumbuyo kuja, ndikukayika kuti dothi lakhala likutsika chaka ndi chaka mpaka lakwirira mzere wa DPC. Zikatero pepala lili pansi, madzi akulowera pamwamba pake, ndi chimodzimodzi kuvala gambutsi nkulowa mmadzi olekeza mchiuno. Achimwene a kabaza mukadutsako mawa mukajambule kumbuyoko, kunja osati mkati. Ndipo alezi ndikupempheni kanthu kosafuna ndalama. Dulani mapepala awiri a pulasitiki woonekera, kukula ngati kope lotambasula, lina mumate mmunsi pa khoma lakumbuyo lina mmwamba pakona yakuda ija. Selotepi mbali zonse zinayi pasalowe mpweya. Musiye masiku atatu. Madontho akakhala kunsi kwa pepala, mbali ya khoma, madzi akuchokera mkhomamo. Akakhala pamwamba pa pepala mbali ya chipinda ndiye kuti ndi mpweya wa mchipindamo

Msungichuma: Zoterezi nde ndimazikonda, bajeti yake selotepi basi

Wapampando: Chabwino tidikire masiku atatuwo. Koma penti ndinali nditauza kale mnyamata wa ku sitolo kuti andisungire, mxii

Wa kabaza: Mwadzuka makolo. Ndapitako mmawa uno ndikuchokera kosiya kasitomala ku Bembeke, zithunzi ndi izo. Amisiri munalosera, dothi lafika mpaka mzere wachinayi wa njerwa, pepala lakuda silikuoneka nkomwe mpaka ndinafukula ndi kamtengo. Koma china ndi ichi, dothilo ndi lonyowa kwambiri ngati kudimba, July yemweno, pamera mpaka ndere ndi timaudzu tobiriwira pomwe kwina konse kwauma. Nditatsatira kumtunda ndapeza ndi madzi a pa mjigo. Ngalande ya simenti ija inasweka pakati ndipo dzenje lomwera madzi linadzadza matope kalekale, nde madzi onse otayika potunga ndi amene amayi amachapira akungoyenda pansi pansi kutsetserekera ku nyumba yathu

Aphunzitsi opuma: Ha! Mjigo umene uja anthu amayamba kupopa 4 koloko mmawa mpaka mdima. Ndiye kuti khoma lathu limamwa chaka chonse, dzinja ndi chilimwe chomwe

Malume a ku Joni: Aaa koma abale. Chabwino ndagonja pa za mmunsizo. Koma zammwamba zija ndi malata basi muona

Alezi: Mwaswera makolo, masiku atatu akwana ndamatula. La mmunsi kunsi kwake kuli madontho ndipo khoma pamenepo lada ndi kunyowa. La mmwamba ndinaliona mmamawa ana atangolowa, kunja kwake kunali nthunzi ngati pa botolo la Fanta wozizira koma nditamatula khoma lake louma

Mmisiri wa ku Blantyre: Ndi zimenezo. Mmwambamo ndi thukuta la nyumba. Kwathu ku Dedza musaiwale ndi kumtunda, pa boma penipeni ndi mamita pafupifupi 1,600 ndipo phiri la Dedza limapitirira 2,000, June ndi July khoma ndi malata zimazizira ngati mwala wa mumtsinje. Mpweya wofunda umanyamula madzi ambiri, ukakhudza pozizira umawatula pomwepo, mame amene timawaona pa udzu aja ndi omwewo. Nde mchipinda muli ana ambirimbiri akupuma, pansi pokolopa, khoma lakumbuyo nalo likutulutsa chinyezi chake, zonsezo zimakathera mmakona ndi kuseri kwa kabati komwe mpweya suyenda. Alezi mundiyankhe mosabisa, mabowo a mpweya aja pamwamba pa mawindo ali bwanji? Ndipo phala mukuphikira kuti?

Alezi: Mabowo tinatseka ndi masaka ndi zisanza chifukwa mwera umalowa ana amanjenjemera, ena amabwera opanda juzi. Phala kukakhala chifunga kapena kamvula kowaza kaja timalowetsa mbaula mkati chifukwa kakhitchini kathu udzu unasasuka, nde anawo amaotherako konko

Azakhali anamwino: Mayi inu mbaula mkati mabowo otseka?? Chonde chonde lekani kuyambira mawa. Iwalani za chuku, utsi wa makala uli ndi mpweya wosaoneka wosanunkha umene umapha anthu ali mtulo, umayamba ndi mutu ndi chizungulire. Sindikukudzudzulani, ndikudziwa mumagwira ntchitoyi mongodzipereka, koma ichi chokha ayi

Alezi: Ndamva azakhali. Koma nde mutiganizire za kakhitchiniko ndi kuzizira kwa anawa, chifukwa ndikatsekula mabowo makolo abwera kudzandinena ine

Msungichuma: Apa alezi anena zoona, ife tili mtauni timangolamula. Ndalama ya penti ija bwanji ipite ku denga la khitchini? Malume malata anu aja alowa pamenepa kkkk

Malume a ku Joni: Mwaona, pamapeto pake malata agulidwabe. Nditumiza. Ndifunsanso anzanga kuno majuzi a ana amene ana awo anasiya

Wapampando: Nde amisiri tiuzeni ndondomeko, ine mutu wazungulira. Tipenta liti?

Mmisiri wa ku Blantyre: Penti ndi womaliza a Chair ndipo chaka chino mwina ayi. Choyamba mjigo, ngalande ikonzedwe, dzenje lifukulidwe aikemo miyala, apo ayi madziwo awalozetse kumbali akathirire nthochi. Kenako kufukula dothi kumbuyo konse mpaka DPC ionekere ndi mizere iwiri pansi pake, kukumba ngalande yopatutsa madzi a kumtunda, ndipo simenti ikapezeka tiike kakhonde kozungulira kotsetserekera kunja kuti madzi a pa malata asamagwere mtsinde mwa khoma. Pulasitala wovunda wa mmunsi agwetsedwe chifukwa wadzadza mchere ndipo mcherewo umakoka chinyezi pawokha. Khoma lisiyidwe lamaliseche lipume. Ife timawerengera inchi imodzi pa mwezi kuti khoma liume, lathu ndi la mainchi 9, koma dzuwa la September ndi October litithandiza. Likauma pulasitala watsopano kenako laimu kapena penti wa madzi, osati oilo. Kabati isunthidwe isagunde khoma, ndi matumba a ufa wa phala akhale pa mathabwa

Aphunzitsi opuma: Koma za mjigo zili ndi eni ake. Uli ndi komiti yake ndipo amatolera ndalama mwezi ndi mwezi, tikangopita ndi makasu atiyesa tikuwalanda. Nkhaniyi idzere kwa amfumu. Ndipita ndekha Lachisanu, ndikawauze kuti ana akutsokomolawo ndi zidzukulu zawo zomwe

Msungichuma: Ndipo simenti ya ngalande agule iwowo, ife tithandize manja okha. Ndalemba kale, asadzati sindinanene

Wa kabaza: Anyamata ofukula ndiwapeza Loweruka, asanu akwana. Wilibala ilipo kwa aphunzitsi koma mafosholo tili ndi awiri okha. Ndipo pakhale kenakake ka mkamwa a Treasurer, olo mbatata ndi tiyi, dothi lake lija ndi lolemera

Wapampando: Mbatata ndigula ine. Wina amuimbire mnyamata wa ku sitolo uja kuti penti agulitse, ine ndikuchita manyazi