Kodi p wa mu pin ndi wa mu spin ndi phoneme imodzi?

Wachaka choyamba:
Akuluakulu, pa kosi ya phonology (maphunziro a kamvekedwe ka mawu) akuti p wa mu mawu a Chingerezi pin ndi wa mu spin ndi phoneme imodzi (phoneme ndi liwu lomwe limasiyanitsa matanthauzo a mawu). Zitheka bwanji chonsecho akumveka mosiyana?

Mlangizi:
Ikani kapepala pafupi ndi milomo. Mukati pin kagwedezeka chifukwa mpweya ukutuluka mwamphamvu, koma pa spin kangoti zii. M'Chingerezi p wa mpweyayu amabwera poyambira silabo yotsindikidwa, pambuyo pa s ayi. Mukawasinthanitsa tanthauzo silisintha, ndiye ndi ma allophone a /p/, kutanthauza katchulidwe kosiyana ka phoneme imodzi. Khutu lanu likuwasiyanitsa chifukwa m'Chichewa mpweyawo umasintha tanthauzo: pala ndi phala, kola ndi khola.

Wachaka chachinayi:
Pa l ndi r zatembenuka, achimwene. Kwathu kulira ndi kulila n'chimodzimodzi, pomwe m'Chingerezi light ndi right ndi minimal pair, mawu awiri osiyana liwu limodzi lokha koma matanthauzo osiyana. Pamayeso lembani /pɪn/ pa phonemic (ma phoneme okha), [pʰɪn] pa phonetic (momwe mawu akumvekera). Kuika ka ʰ kosonyeza mpweyako pakati pa mizere yopendekeka kumadyetsa malikisi.

Mlangizi:
Mujambulenso pin ndi spin mu Praat, pulogalamu ya pakompyuta yopimira mawu, ndi yaulere. Yezani VOT (voice onset time), nthawi yochoka pomwe milomo yatseguka kufika pomwe vawelo yayamba. Ya pin ituluka yaitali.