Ntchito yathu yosoka yayamba kubwerera m'mbuyo: ndiwatsogolere bwanji anzanga?

Telala wa ku Mchesi analemba:

Ndimayang'anira matelala asanu ndi mmodzi pa shopu yosoka mayunifolomu a ana asukulu. Chaka choyamba tinkamaliza maoda onse pa nthawi yake, koma tsopano malaya akubwezedwa chifukwa cha makolala opindika ndi mabatani osalimba, ndipo chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti aliyense amaona cholakwika n'kukhala chete kufikira ine nditachitulukira ndekha. Ndayesa kukalipa, ndayesanso kupereka kandalama kwa amene wasoka zambiri, koma zinthu zimangosintha kwa sabata imodzi. Kodi ndingatani kuti ntchito yabwino ikhazikike ngakhale tsiku limene ndapita kukagula nsalu?

Mkonzi wa galimoto anayankha:

Achimwene, ndikuona kuti kandalama kameneko ndi kamene kakukuonongerani ntchito, chifukwa munthu amene akudziwa kuti alipidwa potengera chiwerengero cha malaya sangaime kuti asasule kolala imene mnzake waipindika.

Ndikuuzeni zimene zinachitika mumzinda wa Fremont ku California, m'dziko la America. Kampani ya General Motors inatseka fakitale yake kumeneko mu 1982, ikudziwika ndi kujomba kwa antchito ndiponso galimoto zodzaza ndi zolakwika. Mu 1984 fakitale yomweyo inatsegulidwanso pansi pa dzina lakuti NUMMI, mogwirizana ndi kampani ya Toyota, ndipo ambiri mwa amene analembedwa ntchito anali anthu akale omwe aja. Ena anatumizidwa ku Japan kukaphunzira pa fakitale ya Toyota ya Takaoka. Kumeneko anapeza kuti antchito amagawidwa m'timagulu ting'onoting'ono, kagulu kalikonse ndi mtsogoleri wake, ndipo pamwamba pa mzere wopangira galimoto pamadutsa chingwe chotchedwa andon, chimene wantchito aliyense amaloledwa kukoka akaona vuto. Chingwe chikakokedwa, mtsogoleri amathamangira pamalopo kukathandiza, ndipo vutolo likapanda kutha msanga mzere umaima. Pasanapite nthawi yaitali, galimoto za ku Fremont zinayamba kuyamikiridwa kuti zikufanana ndi zopangidwa ku Japan, chikhalirecho manja opanga anali omwe aja.

Pa shopu yanu chingwe sichikufunika. Chofunika n'chakuti telala akanena kuti makina ake akudumpha ulusi, kapena kuti nsalu yadulidwa mokhota, inu muzidzuka pampando n'kupita pamene iye wakhala, osayamba ndi kufunsa kuti walakwa ndani.

Namwino wa m'chipinda cha amayi oyembekezera anayankha:

Ndikugwirizana nawo abambo alemba pamwambawa, koma ndiwonjezere mbali ya ulemu, imene kwathu kuno ndi yolemera. M'zipatala zina za boma tinaphunzitsidwa ndondomeko ya 5S (kusunga malo a ntchito mwadongosolo ndi mwaukhondo) ndi kaizen (kukonza kagwiridwe ka ntchito pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku) mothandizidwa ndi bungwe la JICA, la boma la Japan lothandiza pa chitukuko, ndipo chimene chinativuta sichinali kusanja mashelefu kapena kulemba maina pa mabokosi a mankhwala. Chinativuta n'chakuti namwino wachitsikana sangatsegule pakamwa kudzudzula mayi amene wagwira ntchito zaka makumi awiri, ngakhale ataona ndi maso ake kuti chinthu chalakwika. Ife tinayamba kukumana mphindi khumi m'mawa uliwonse, ndipo oyamba kulankhula amakhala aang'ono, pamene ine ndimalankhula pomalizira, ndikuyamba ndi kutchula chimene ndinalakwitsa ineyo dzulo lake. Mfundo imene gulu lagwirizana timaiyesa sabata yomweyo, chifukwa anthu akapereka maganizo kawiri katatu osaona chosintha, amasiyiratu kulankhula.

Mlembi wa kampani wopuma pantchito anayankha:

Bambo, musanayambe misonkhano ya m'mawa, dzifunseni ngati malipiro a matelala anu amatuluka pa tsiku limene munapangana. Munthu amene ali ndi ngongole ya lendi sangaike mtima pa batani. Ku NUMMI komwe atchulako, kampani inalonjeza kuti sidzachotsa anthu ntchito mwachisawawa, ndipo malonda atatsika mu 1988 inasunga antchito ake n'kumawaphunzitsa. Telala wanu akapeza njira yosokera mofulumira, ayenera kukhala wotsimikiza kuti nzeru yakeyo sichotsetsa mnzake ntchito sukulu zikatsekera.

Telala wa ku Mchesi anayankha:

Zikomo kwambiri nonse. Pa nkhani ya malipiro ndilibe chobisa: miyezi iwiri yapitayi tinachedwa ndi masiku angapo chifukwa sukulu ina sinatilipire msanga, ndipo sindinawafotokozere anzangawo chifukwa chake. Lolemba ndiyamba ndi kuwauza zimenezo, kenako ndiwafunse ngati angakonde kuti kandalama kaja kazigawidwa kwa gulu lonse pa oda iliyonse imene palibe malaya obwezedwa. Amayi anamwino, ndifunseko: mayi wamkulu kwambiri pagulu lanu anazilandira bwanji zoti ang'onoang'ono azilankhula iye asanalankhule? Pa shopu pathu pali bambo wina amene anandiphunzitsa ineyo kugwira makina, ndipo sindikufuna kuti adzione ngati ndamutsitsa.